Ku Dedza Musamangodutsa

Ambirife tauni ya Dedza timaidziwira pazenera la basi. Basi ikaima pamsewu wa M1 timagula kachewere ndi kabichi, n'kudandaula za kuzizira, ulendo n'kupitirira wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Chonsecho kuseri kwa msewuwo kuli phiri, nkhalango ndi mapanga zimene alendo amaolokera nyanja kudzaona. Patchuthi chapitachi banja lathu linapatula masiku atatu kuti likayendere dera limeneli.

Dedza ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe, kufupi ndi malire a Mozambique. Ndiyo tauni yokwera kuposa onse m'Malawi muno, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere. N'chifukwa chake mu Juni ndi Julayi chifunga chimakuta nyumba mpaka dzuwa kukwera, ndipo mlendo wobwera wopanda juzi amagona akunjenjemera.

Tsiku loyamba tinalawirira kuphiri la Dedza, limene nsonga yake imafika mamita 2,198. Njira yosavuta ndi msewu wadothi wopita kunsanja za mafoni zimene zili pamwamba. Sipofunika zingwe kapena luso lapadera: nsapato zolimba, madzi akumwa ndi kamba basi. Ife tinatenga mbatata yophika, mtedza ndi nthochi. Tinagwirizana kuti tiziyenda liwiro loti munthu n'kumatha kucheza osabanika, ndipo pa liwiro limenelo ngakhale wamng'ono wathu anafika. Pamwamba mphepo inali yozizira ngati madzi a m'mtsuko. Kumunsi tauni inaoneka ngati mbale, minda ya kachewere itandandalika mpaka kumapiri a ku Mozambique. Koma tinaonanso zitsa zambiri m'malo mmene munali mitengo, ndi ngalande zimene madzi amvula akumba pamene nthaka yatsala pambalambanda.

Tsiku lachiwiri tinapita ku Chongoni, nkhalango ya mapiri amiyala kumpoto chakumadzulo kwa tauni. M'dera limeneli muli malo 127 okhala ndi zojambula zakale pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Odziwika kwambiri kwa alendo ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Muyenera kupita ndi munthu wa konko wodziwa njira, chifukwa tinjira take n'tambiri ndipo mapanga ena mukhoza kuwapitirira osawazindikira.

Zojambulazo zili mitundu iwiri. Zofiira ndizo zakale kwambiri: mizere, madontho ndi zozungulira, zojambulidwa ndi Akafula, alenje amene anali kuno alimi asanafike. Ndi omwe aja agogo athu ankawatcha Amwandionerapati, amene nthano imati ukakumana nawo unkayenera kunena kuti wawaonera patali, kuopa kuwanyoza ndi kufupika kwawo. Zofiirazi zinazilala, ndipo poyamba ana anati sakuona kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Titakhala pansi n'kulola maso kuzolowera mthunzi wa phanga, mizere inayamba kutuluka umodziumodzi.

Zoyera ndi za Achewa, zopaka ndi dothi loyera. Zina zimaoneka ngati buluzi kapena chikopa choyanika, miyendo itatambasuka, thupi lonse madonthomadontho. Akatswiri amati zambiri mwa izi anajambula ndi amayi pophunzitsa atsikana pachinamwali, ndipo zina zimasonyeza zilombo za nyau. Mwana wathu wamkazi atamva kuti amene anajambula anali amayi, anaima nthawi yaitali akuyerekeza kukula kwa dontho ndi chala chake, osakhudza mwala. Sitinapite kumeneko kukatsata miyambo imeneyo, koma tinaona kuti makolo akale nawonso ankavutika ndi funso limene ifenso limatisowetsa tulo: mwana timusiyire chiyani?

Chinatipweteka mtima n'chakuti pamiyala ina anthu alembapo maina awo ndi makala ndi choko, pamwamba penipeni pa zojambulazo. Chinthu chimene chapirira mvula ndi dzuwa kwa mibadwomibadwo chikhoza kuwonongeka masana amodzi ndi dzanja la mwana wasukulu amene sanauzidwe kuti n'chiyani.

Madzulo tinabwerera m'tauni. Malo omwera mowa alipo monga m'tauni ina iliyonse, koma ife ludzu tinaphera thobwa lotsekemera la tsiku lomwelo, ndipo pamsika tinagula nyemba ndi kachewere wokaphika kumene tinafikira. Tinadutsanso ku Dedza Pottery, kumene akhala akuumba mbale, makapu ndi miphika kuyambira 1987. Ana anaonerera dongo likuzungulira pagudumu, likusanduka kapu m'manja mwa woumba.

Tsiku lomaliza tinatsika chitunda pamsewu wokhotakhota wa ku Golomoti kupita ku Mua, kumene kumatentha moti majuzi tinavula. Mishoni ya Akatolika kumeneko inayamba mu 1902, ndipo mu 1976 wansembe wochokera ku Canada, Claude Boucher, anayambitsa malo a zaluso a KuNgoni. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare imafotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa mpaka maliro. Muli zigoba zambiri za gule wamkulu, choncho ndi bwino kholo likhale pafupi ndi ana aang'ono kuti liziyankha mafunso awo.

Mukafuna kupita, miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene misewu yadothi ya ku Chongoni imakhala youma. Nyamukani m'mamawa, tengani madzi okwanira, ndipo zinyalala zanu mubwerere nazo. Musanalowe m'phanga, auzeni ana amene anajambula pamwalapo ndi chifukwa chake sitikhudza kapena kuthirapo madzi kuti zioneke bwino. Mwana amene wauzidwa zimenezi sangatole khala kuti alembepo dzina lake, ndipo mnzake akatola, iye ndiye adzamugwira dzanja.