Webusayiti za lendi ku Mzilawaingwe

Nkhungu isanayalule mu Mzuzu, anyamata a njinga za sakramento amakhala atayamba kale kupalasa, ana asukulu atawakakamira kumbuyo. Ku Mzilawaingwe, pakati pa golosale ndi benchi ya Airtel Money ndi Mpamba, pali kashopu ka fotokope. Mwini wake ndi mnyamata amene anaphunzira zamakompyuta ku Mzuni, ku Luwinga. Ndinaswera naye tsiku lathunthu, ndipo mpaka lero ntchito yake ndimaipatsa ulemu.

M'mamawa ntchito ndi ya mapepala: zitupa, makalata ofunsira ntchito, mapologalamu a ukwati. Cha m'ma 9 koloko munalowa mayi wina wa gulu la amayi osoka, atafunda chitenje pamwamba pa juzi.

"Monire mose. Achimwene, webusayiti yathu ija sikutseguka. Anthu otithandiza aja akufuna aione lero."

Pakompyuta panali poyera mbee, kupatula mzere umodzi: Error establishing a database connection. Mnyamatayo sanatekeseke. Anawakokera mpando mayiwo, nalowa mu cPanel, natsegula fayilo yotchedwa wp-config.php. M'menemo ndi momwe WordPress imasunga dzina la database, dzina la wolowera ndi pasiwedi. Anayendetsa chala pagalasi pang'onopang'ono ngati wosankha mpunga. Vuto linali pa dzina. Pa seva yogawana, dzina la database limayamba ndi dzina la akaunti, ndiye amene anasamutsa webusayitiyo dzulo lake anaiwala kachidutswa koyambako. Atalemba zilembo zosowazo, zithunzi za madiresi ndi mayunifolomu zinatulukira. Mayi aja anawomba m'manja: "Yewo chomene, mwana wanga!"

Iye amawafotokozera makasitomala ake motere: seva yogawana ili ngati nyumba za mdadada. Aliyense ali ndi chitseko chake ndi loko wake, koma mpopi ndi umodzi, mita ya magetsi ndi imodzi. Lendi ndi yotsika chifukwa mulipo ambiri. Mnzako akatsekula mpopi tsiku lonse, kwa iwe madzi amangodontha. Landilodi nayenso ali ndi malamulo ake, ndipo kawirikawiri amakhala kutsidya kwa nyanja, mumangolankhulana pa imelo.

Masana magetsi anathima. Makina a fotokope anangoti zii, koma iye anatsegula laputopu, nagula bandulo, nalumikiza intaneti ya pafoni. Abusa ena anabwera akudandaula kuti zithunzi za kwaya zikukana kukwera. Malire anali 2MB, pomwe chithunzi cha foni chimaposa pamenepo. Anazichepetsa, zinakwera, abusa anapita. Tinadya tchipisi cha pachiwaya titaimirira pakhomo.

Wotsatira anali wogulitsa uchi ndi khofi, amene anagula dzina la webusayiti m'mawa momwemo ndipo amafuna lionekere pompopompo. Apa panalibe chokonza. Dzina likalozetsedwa ku seva yatsopano, uthengawo umatha kutenga maola mpaka 48 kuti ufalikire paliponse. Bamboyo anachoka akung'ung'udza, akuganiza kuti wadyeredwa ndalama. Zinandiwawa, chifukwa mnyamatayo ananena zoona zokhazokha.

Nkhani yolemera inafika dzuwa litapendeka. Anali bambo wachikulire, mwini sukulu ya pulayiveti, atanyamula envulopu ya khaki yodzaza ndi malisiti. Webusayiti ya sukulu inazimiririka mwezi wathawo. Amene anawapangira, mphwawo, anapita ku Johannesburg ndipo nambala yake sikupezekanso. Dzina la webusayiti analembetsa m'dzina lake, imelo yake, khadi lake la kubanki. Chaka chitatha, palibe analipira.

"Bambo, pasiwedi muli nayo?"

"Zonse ankasunga ndi iyeyo, mwana wanga. Ine ndinkangopereka ndalama."

Anakhuthula envulopu yonse patebulo, nayang'ana pepala lililonse kuseri ndi kumaso. Munalibe. Lendi ya seva zakunja imalipiridwa m'madola, ndipo chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri amaiona yowawa, ena amangoisiya. Koma bambowa ndalama anali nazo m'thumba. Chimene analibe ndi kiyi wa nyumba yawo yomwe. Mnyamatayo anawauza kuti ayambirenso, mwina ndi dzina lothera ndi .mw, limene limalembetsedwa konkuno kudzera ku Malawi SDNP. Dzina lakale lija lili kale pachikwangwani cha sukulu ndi pamakalata onse. Bambo aja anakhala chete nthawi yaitali, kenako anavomera ndi mutu.

Magetsi anayaka cha m'ma 6 koloko, amayi a tomato akuyatsa tochi za mafoni m'mbali mwa msewu. Asanatseke, mnyamatayo anatenga kope latsopano, nalemba imelo ya sukulu, pasiwedi ndi tsiku lodzalipiranso, nawapatsa bambo aja m'manja.

Inu amene muli ndi webusayiti ya mpingo, sukulu kapena bizinesi, funsani lero lomwe kuti inalembetsedwa m'dzina la yani.