Malo a Kabokosi ka Magetsi m'Boti Lathu

Ife a pa Boma la Mulanje ndife anthu a phiri, ndipo madzi amene tiwadziwa ndiwo a Likhubula, a Lichenya ndi a Ruo, otsika ndi liwiro pamiyala. Tsono wina adzazizwa pakumva kuti tinatha masabata atatu tirikutsutsana za boti, titakhala pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi nyanja. Koma akumbukire kuti Phalombe ndi Mulanje linali boma limodzi kufikira caka ca 1998, ndi kuti mitsinje ya Phalombe ndi Sombani, yoturuka m'phiri lomweli, ithira m'nyanja ya Chilwa. Abale athu ambiri anatsata madzi amenewo, ndipo mmodzi wa iwo ndiye mwana wa mlongo wathu.

Namondwe wa Freddy atapita, m'mwezi wa March, ukadakhala wakale tikadati ndi nthano. Koma munali mu 2023, ndipo tinaona ndi maso munda wa mnyamatayo utakwiririka ndi mcenga ndi miyala. Pamenepo ife amalume ace atatu tinasonkha ndalama, ndi kumgulira boti lakale la matabwa ndi injini ya mphamvu ya akavalo 15, kuti azinyamula anthu ndi nsomba. Sipanapite miyezi yambiri iye anadza ndi nzeru yace. Asodzi a pa Chilwa amakhala masabata ambiri pa zimbowera, ndizo timisasa tomangidwa pa udzu woyandama, ndipo kumeneko kulibe pochajira foni kapena wometa tsitsi. Anati akakhala ndi batire, sola ndi inverter m'boti, adzawatsata komweko ndi makina ometera. Tinabvomera, tinagulanso, ndipo mlandu unayamba pomwepo.

Kwa owerenga amene sanaione, inverter ndiko kabokosi kacitsulo kolandira magetsi a batire, a 12 volts, oyenda njira imodzi, ndi kuwasandutsa a 230 volts, onga aja a m'nyumba. Yathu inali ya 300 watts, yaing'ono yonyamulika ndi dzanja limodzi. Cifukwa ca kucepa kwace tinayesa kuti ikhoza kukhala pali ponse.

Mnyamatayo anaiika pansi pa mpando wa kumbuyo, pafupi ndi iye mwini poongolera, pamene panali batire ndi cigubu ca petulo. Tsiku loyamba, pakulumikiza waya ku batire, panathetheka moto pafupi ndi kamwa la cigubu, kufupika kwace monga kuyambira pa cigongono kufikira ku zala. Palibe cinayaka. Iye anatiuza ici alikuseka, atabwera ku Boma kudzatenga ufa, koma mlongo wathu sanaseka, nati, "Acimwene, ngati mwamgulira mwana wanga maliro, nenani ndidziwe."

M'mawa mwace tinaitana mkuru wina, mmisiri wa magetsi amene anakalamba pa nchito m'mafakitale a tiyi. Iye sanakwerepo boti ciyambire, ndipo sanabisa, koma anatola kamtengo, nalemba boti pa dothi, nati kwa mnyamatayo, "Mwanawe, ndisonyeze pamene pakhala petulo, pamene pakhala madzi, ndi pamene pakhala anthu." Ndipo anatiphunzitsa kuti moto unathethekawo sunali ngozi ya tsiku limodzi, pakuti inverter iri ndi tizipangizo m'kati mwace timene timameza magetsi mwadzidzidzi poilumikiza, kotero kuti kuthetheka ndiko khalidwe lace. Anatinso cimene ciyaka si madzi a petulo koma nthunzi yace, ndipo nthunziyo ilemera koposa mpweya. Siuluka kumwamba monga utsi, koma itsika, nikhala m'munsi mwa boti ndi pansi pa mipando, monga nkhungu ikhala m'cigwa ca Likhubula m'mwezi wa June. Malo amene mnyamatayo anasankha cifukwa ali obisika ndiwo amene nthunziyo iwakonda pa cifukwa comweco.

Atamva ici, mkuru wathu wa ife atatu, munthu wacangu pa zonse, anati, "Tsono ipite kutsogolo kweni kweni, pa mphuno ya boti, ndipo tiilumikize ndi waya wautali." Ife tonse tinabvomereza, koma mmisiri anapukusa mutu, nayamba kuwerengera pa dothi. Kuti inverter ipereke 300 watts, iyenera kukoka ku batire 25 amps, ndipo powerengera zotayika m'kati mwace, pafupi 30. Koma mphamvu yomweyo ikaturuka mbali ya 230 volts, iyenda ndi amp imodzi ndi pang'ono. Ndiko kunena kuti waya wocokera ku batire asenza mtsinje, ndipo waya wopita ku makina ometera asenza kamfuleni. Waya ali yense amadya gawo la magetsi oyenda mwa iye, nalisandutsa kutentha; akatalika adya kwambiri, akaonda adya koposa, ndipo magetsi akacuruka kawiri, kutentha kucuruka kanai. Pa 230 volts kutaya volt imodzi kulibe kanthu; pa 12 volts kutaya imodzi ndiko kucititsa inverter kulira ndi kuzima, batire isanathe. Cifukwa cace waya wa ku batire ukhale waufupi ndi wonenepa ngati pensulo, ndipo wotalika ukhale wa mbali inayo.

Apa ndipo tinatha masiku. Inverter ifuna kukhala pafupi ndi batire ndi kutali ndi petulo, koma batire ndi petulo zinagona pamodzi. Tinazungulira mau awa madzulo ambiri, wina nati tigule waya wonenepa ngakhale udule, wina nati timange bokosi lotseka ndithu, nthunzi isalowe. Bokosilo mmisiri analikana, pakuti inverter imatentha pogwira nchito, ndipo iri ndi kacipupizo kofuna mpweya. Kuitsekera ndiko kuiphika. Amene anamasula mfundoyi ndiye mlongo wathu, alikusenda nandolo pa khonde, osayang'ana n'komwe cithunzi cathu. Anati, "Kodi batireyo inamera mizu kumbuyoko?" Tinakhala cete, amuna anai ndi mmisiri wacisanu, pakuti injini ya botilo ndi yokoka ndi cingwe, ndipo batire iribe nayo nchito konse.

Tiyenera kuulula pano cinthu cimene sitinacikonda pocimva. Mmisiriyo anati foni sizifuna inverter, popeza pali tocajira tolandira 12 volts mwacindunji. Kukweza magetsi kufika 230 ndi kuwatsitsanso kulowa m'foni ndiko kupita ku Limbe podzera ku Muloza. Makina ometera okha ndiwo anaifuna, ndipo iwo adya pang'ono. Tikadafunsa tisanagule, kapena tikadagula makina okhala ndi batire yao. Koma kabokosi kanali katagulidwa kale, ndipo ndalama ya amalume siibwerera.

Tsono tinapangana kuti batire ndi inverter zipite pa mpando wa pakati, petulo atsale kumbuyo. Koma inverter isakhale pamwamba pa batire, pakuti batire ya asidi pochajidwa iturutsa mpweya wa hydrogen, umene ukwera kumwamba, nuyaka msanga, pamodzi ndi nthunzi ya asidi yodya zitsulo. Ikhale pambali, thabwa liri pakati pao. Ndipo fyuzi ikhale pa waya wofiira, pafupi peni peni ndi mutu wa batire, kuti waya ukasupuka ndi kukhudza citsulo, fyuzi ipse, boti lisapse.

Loweruka lina tinakwera galimoto, ife awiri ndi mnyamatayo, kunka ku nyanja ndi mawaya m'thumba. Nyanja ya Chilwa iribe mtsinje woturuka. Madzi ace acoka ndi dzuwa lokha, ndipo cifukwa cace ali ndi mcere, umene udya mkuwa msanga koposa madzi a kwathu. Ndi yosaya, kotero kuti inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mwera ukaomba mafunde ace ndi afupi afupi, olowa m'boti kosaleka. Tinafika ndi kupeza kuti cithunzi cathu ca pa dothi cinaiwala zambiri. Pansi pa mpando wa pakati, pamene tinalemba mtanda, ndipo pamene madzi onse a m'boti asonkhana, ndi pamene wokapa madzi agwada ndi cigubu cace coduka. Dzanja lamanja la mpando ndilo lotsamirapo madengu a matemba, odontha.

Tinakhomera kashelufu m'mwamba, pansi peni peni pa thabwa la mpando, dzanja lamanzere, ndi kadenga ka lata kopendekera, kotseguka m'mbali ziwiri kuti mphepo ipite. Batire tinaimanga ndi lamba m'bokosi lace lokwezeka, lokhala ndi mabowo m'mwamba. Mitu ya mawaya tinaipaka girisi. Waya wofiira unatalika masentimita 60.

Tisanacoke tinamkhazika mnyamatayo pa mcenga, ndi kumuuza mau amene mmisiri anatituma nao: kuti 12 volts ya batire munthu aigwira ndi dzanja osamva kanthu, koma 230 ya kabokosi kaja ipha monga ya m'nyumba, makamaka munthu woima m'madzi a mcere wopanda nsapato, asamete boti lirikuyenda, asamete mvula irikugwa, ndipo pothira petulo azimitse zonse. Iye anati, "Ndamva, amalume." Tinamuuza abwereze, nabwereza.

Woyamba kumetedwa anali mkuru wathu yemwe, atakhala pa mpando wa kutsogolo, boti litakocezedwa m'mabango, mapazi ace ali pa thabwa louma. Makina analira, asodzi asanu ndi awiri anaima pa gombe kudikira, ndipo mmodzi wa iwo anafunsa mtengo wa ndebvu zokha.