Gitala yanga inkalira, koma inkanama

Tsiku lomwe ndinamanga waya womaliza pa gitala yanga, ndinaitana anyamata onse a mu laini mwathu ku Kawale. Tinabwereka amplifaya ya kwaya ya kutchalitchi n'kuiika pakhonde. Nditakhwatcha mawaya onse asanu ndi limodzi, phokoso linakafika mpaka kwa amayi ogulitsa mandasi pamphambano. Anthu anaomba m'manja. Wina anajambula pafoni n'kuponya pa WhatsApp, ndipo pofika madzulo anzanga a kukoleji anali atayamba kunditcha injiniya.

Kenako mnzanga wina, amene amaimba lidi kutchalitchi kwathu, anapempha kuti aigwireko. Anaichuna bwinobwino, naimba makodi awiri atatu kumtunda kwa khosi. Zinali bwino. Atatsitsa dzanja chapakati pa khosi, nkhope yake inasintha. Anachunanso, nabwerezanso. Ndiye anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti ena asamve: "Amwene, ikulira, koma ikunama."

Ndisanafotokoze bodza lakelo, ndiyambe ndi mmene ndinafikira pamenepa. Ndakhala ndikufuna gitala yamagetsi kuyambira ndili ku sekondale. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinasiya ngakhale kusuzumira m'mashopu a zoimbira m'tauni. Mwayi unabwera pa holide: kutchalitchi ankataya gitala yakufa, thupi litang'ambika pakati, koma khosi lake lili bwinobwino ndi mafureti ake onse. Amalume anga ndi kalipentala ku Mchesi, ndipo anandipatsa thabwa la mbawa lochokera ku bedi lakale. Mbawa ndi mtengo womwe kunja amautcha African mahogany, ndipo mafakitale a magitala amaugwiritsa ntchito. Ife timagonera. Pickup ndi tizitsulo tina ndinagula zakale kwa bambo wina wokonza mawailesi mumsika.

Kudula thupi ndi kusema mabowo kunanditengera masabata awiri okha. Ndinkaganiza kuti ntchito yatha. Koma kuchokera pamenepo kufika tsiku la pakhonde lija panadutsa miyezi itatu, ndipo miyezi imeneyo ndi imene inandionetsa khalidwe langa.

Choyamba chinali vanishi. Amalume anandiuza kuti ndikwechese ndi sandipepa wa 80, kenako 120, kenako 220, ndipo ndizipaka pang'onopang'ono, kudikira kuti aume ndisanapakenso. Ine ndinadumpha wa 120, ndinapaka vanishi wambiri kamodzi n'kamodzi, n'kukayanika panja. Munali mu Ogasiti. Amene mumakhala ku Lilongwe mukuidziwa mphepo ya mwezi umenewu. Pofika madzulo gitala yanga inali itavala fumbi lonse la ku Kawale, kuphatikizapo nyerere ziwiri zomwe zinafera momwemo. Ndinadikira sabata yathunthu kuti aume, n'kumukwecha yense, n'kuyambiranso. Ulendo wachiwiri ndinapakira m'chipinda, nditawaza madzi pansi kuti fumbi lisauluke, kanayi konse, tsiku lililonse kamodzi.

Chachiwiri chinali kung'ung'udza. Pickup ndi maginito okulungidwa ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi, maulendo masauzande. Waya wachitsulo wa gitala ukamanjenjemera pamwamba pake, m'waya wa kopa muja mumabadwa timagetsi tomwe amplifaya imakuza. Vuto ndi lakuti imatolanso phokoso la magetsi a m'nyumba, omwe kuno amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi. Yanga inkang'ung'udza ngati firiji yakale. Bambo wa mawailesi uja anangoiyang'ana kamodzi n'kundifunsa kuti waya wa eti uli kuti. Ndinali ndisanalumikize buliji, kachitsulo komwe mawaya amakhalapo kuthupi, ku eti. Anawotcherera kawaya kamodzi, tinamata foyilo m'kati mwa bowo la zamagetsi, phokoso linachepa mpaka munthu kumatha kuimba.

Zolakwa ziwirizi ndinazikonza chifukwa zinkaoneka ndiponso kumveka kwa aliyense. Chachitatu, chomwe mnzanga anatulukira pakhonde paja, chinali chobisika.

Pa gitala iliyonse, fureti ya nambala 12 imayenera kukhala pakati penipeni pa waya. Ukadina pamenepo wafupikitsa waya ndi theka, ndipo liwu limayenera kukhala lomwelija la waya wosadina, koma lokwera. Khosi lomwe ndinapatsidwa linali la muyeso wofala wa magitala a Fender: kuchokera pomwe waya amayambira kumutu kufika pa fureti 12 ndi mamilimita 324. Choncho buliji inkayenera kukhala pa mamilimita 648, n'kuwonjezerapo pang'ono pa mawaya akuluakulu. Ine sindinayeze. Ndinaika buliji pomwe inkaoneka bwino m'maso, pafupifupi sentimita imodzi kufupi ndi khosi. Mafureti onse anaikidwa ndi fakitale poyembekezera waya wa 648, ndiye pa waya wanga wofupikayo, liwu lililonse linkakwera kuposa muyeso, ndipo ukamatsikira kuthupi bodzalo linkakulirakulira. Timasikuluu tosunthira tinafika pamapeto vuto lisanathe.

Chomwe chimandichititsa manyazi n'chakuti masamu amenewa ndinawalemba pamayeso a Physics ndipo ndinakhoza. Ndinkadziwa kuti kufupikitsa waya ndi theka kumachulukitsa kunjenjemera kwake kawiri. Sizinandibwerere m'mutu nditagwira dirilo.

Ndinapita nayo kwa amalume. Anatulutsa tepi m'thumba, nayeza, osalankhula. Kenako anafunsa, "Mphwanga, unayeza ndi chiyani?" Ndinati ndi maso, amalume. Anaseka mpaka kutsamira benchi. "Ine zaka zonsezi ndikupanga mipando, koma mwendo wa tebulo sindiudula ndi maso. Iwe wa ku yunivesite maso ako ndi a mtundu wanji?"

Kukonza kwake kunali kowawa: kuchotsa buliji, kutseka mabowo ndi timitengo ndi guluu, kuboola ena pa vanishi yemwe ndinamuvutikira uja, n'kuvomera kuti zipsera zizioneka mpaka kalekale. Ndinaiponya kunsi kwa bedi masabata awiri ndikudzitsutsa ndekha. Mtima wina unkati, ndani adziwe? Vidiyo ija anthu anaikonda kale. Ndiziimba kumtunda kokha, komwe bodza silimveka kwambiri. Bola ikulira.

Mawu awiri amenewa, "bola ikulira", ndi omwe andichititsa kulemba nkhaniyi. Tinakulira nawo. Bola ikuyenda, bola yayaka, bola ndapereka asainimenti. Sindikuwanyoza kwathunthu, chifukwa atisunga. Makaniko wa ku Biwi amene amadzutsa galimoto yomwe kwina akanaitaya kalekale, amadyetsa banja ndi nzeru yomweyo. Pamene sipeya palibe, "bola" ndi luso. Koma tiyeni tinene zoona: nthawi zambiri ife ophunzira timabisala m'mawuwa pamene chosowa si ndalama. Cholakwa changa sichinachokere ku umphawi. Tepi inali m'thumba mwa amalume tsiku lonse. Chomwe ndinasowa ndi mphindi ziwiri zodekha.

Palinso vuto ndi mmene timayamikirana. Chinthu chikapangidwa pamanja kuno kwathu, timachiombera m'manja msangamsanga ngati mwana amene wayamba kuyenda. "Wayesetsa," timatero. M'mawu amenewa muli chifundo, komanso muli chipongwe chobisika, ngati kuti cha ku Kawale sichingayezedwe ndi muyeso womwe timayezera cha m'shopu. Anthu khumi anandiombera m'manja tsiku lija. Mmodzi yekha ndiye anandilemekeza, amene anandiuza kuti ikunama.

Ena anganene kuti nyimbo zathu zinakulira pa zoimbira zosayezedwa, mabanjo a zigubu ndi mawaya a buleki ya njinga, ndiye mamilimita ndi nkhani ya azungu. Ine ndikuona kuti amenewo sanamvetsere bwino. Taonani a Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, omwe anaimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe yomweyi asanakaimbe ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017 n'kuyamba kuyendera mayiko a ku Ulaya. Babatoni wawo ndi wopanga okha, gitala yawo ndi ya mawaya anayi. Koma mvetserani mmene besi imagwirizanirana ndi gitala ndi mawu awo. Kapena Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, amene amaimba babatoni wa waya umodzi ndi kamtengo ndi botolo. Alibe mafureti omutsogolera, ndiye botolo likaphonya pang'ono pokha liwu lasokonekera. Anthu amenewa amayeza, kungoti tepi yawo ili m'khutu, ndipo anailipira ndi zaka. Akunja ena amawakonda chifukwa zoimbira zawo zimaoneka zachilendo, koma chimene chimavinitsa anthu n'chakuti sizinama.

Ngakhale kunjako nkhani ndi yomweyi. Brian May wa gulu la Queen anapanga gitala yake ndi bambo ake kuyambira mu 1963, khosi lake analisema kuchokera ku thabwa lakale la pamalo othera moto m'nyumba. Inawatengera pafupifupi zaka ziwiri, ndipo ndi yomwe wakhala akuimba moyo wake wonse. Palibe amene amati "wayesetsa". Zipangizo zinali zotola, koma miyeso sinali yotola.

Ndikayang'ana m'mbuyo, ndimaona mizere ya zinthu zomwe ndinazisiya pa "bola". Lipoti lomwe ndinalemba usiku umodzi osaliwerenganso. Kabizinesi ka matisheti komwe tinayamba ndi anzanga, logo yokongola, koma mabuku a ndalama osalemba. Kuyamba timakutha, ndipo kumakoma chifukwa anthu amaona. Kumaliza kumachitikira m'chipinda, uli wekha ndi sandipepa, palibe wojambula. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ife timafuna nkhonoyo itsegule maso foni isanathe moto.

Loweruka lina ndinaitulutsa kunsi kwa bedi. Tinayeza ndi amalume katatu, tinalemba mzere ndi pensulo, ndinaboola ndekha manja akunjenjemera. Kenako ndinakhala ola lathunthu ndi apu yochunira ya pafoni, waya uliwonse pawokha: kuimba wosadina, kudina pa fureti 12, kusuntha kasikuluu, kuchunanso, kubwereza mpaka mawu awiriwo atagwirizana.

Lero kutsogolo kwa buliji kuli timadontho tofiirira pomwe panali mabowo akale. Mlongo wanga anati ndimatepo sitika. Ndinakana, ndimafuna ndizitiona. Khosi likadali lokwera pang'ono ndipo vanishi wa kumbuyo ali ndi mizere, ndiye sindikunena kuti ndi gitala yabwino kwambiri.

Sabata yatha ndinapita nayo ku pulakatisi ya kwaya. Mnzanga uja anaitenga, anaichuna, natsika nayo khosi lonse mpaka kumapeto. Ndinkamuyang'ana nkhope. Sananene kuti ndayesetsa, sananene chilichonse. Anangotembenukira kwa wa kiyibodi n'kufunsa kuti nyimbo yoyamba tiyambira kiyi iti.