Nsomba za M'galasi ndi Chisanu cha ku Nkhoma

Ambiri a inu nsomba mumaidziwa ili m'mbale, kaya ndi usipa wotendera, kaya ndi chambo cha pa Khirisimasi. Ndi angati mwa inu amene anayamba akhalapo pansi n'kumayang'ana nsomba yamoyo ikusambira, ikupuma, ikuthamangitsa inzake? Ine ndimatero pafupifupi madzulo alionse. M'nyumba mwanga kuno ku Nkhoma muli thanki yagalasi ya malita 100 momwe ndimaweteramo mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene timakhala m'miyala ya m'nyanja ya Malawi. Anzanga amandiseka kuti ndikuweta ndiwo zomwe sindidzadya. Ndimangowasiya aseke.

Musadabwe kuti munthu angawete nsomba pongofuna kuziona. Mbuna zathuzi n'zotchuka ku Ulaya ndi ku America kuposa kwathu kuno. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, malemu Stuart Grant ankazitumiza kunja zamoyo kuchokera ku Kambiri, kufupi ndi Senga Bay ku Salima. Ngakhale malo otetezedwa a Lake Malawi National Park ku Cape Maclear anakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza nsomba zimenezi. Koma munthu wa ku London akagula mbuna, amagulanso hita, kachipangizo kamagetsi kofunditsa madzi. Ife timaganiza kuti poti nsombazo n'zakwathu, sizingavutike kwathu konkuno. Kuganiza kotero n'kumene kumaphetsa nsomba zambiri.

Nsomba ilibe moto wakewake m'thupi. Inu ndi ine thupi lathu limakhala pa madigiri pafupifupi 37, kaya kuli chisanu kaya dzuwa likuswa mtengo. Thupi la nsomba limangotsatira madzi. Madzi akazizira, nayonso imazizira, imachita ulesi, chakudya sichigayika bwino m'mimba, ndipo matenda amapeza polowera. Pamwamba pa nyanja ya Malawi madzi amakhala pakati pa madigiri 23 ndi 29 chaka chonse, ndipo amasintha pang'onopang'ono, kwa masabata ndi miyezi, ngakhale mwera ukamawomba. Nanga ku Nkhoma kuno, m'munsi mwa phiri? Usiku wa June kapena July kunja kumatha kuzizira kufika pansi pa madigiri 10, koma masana dzuwa n'kuwala bwinobwino. Inu a ku Nathenje ndi ku Mitundu mukudziwa mmene zala zimaumira popita kusukulu m'mamawa, chonsecho pofika nthawi ya nkhomaliro juzi mwaivula.

Tsono mvetsetsani apa. Chimene chimapweteka nsomba kwambiri ndi kusinthasintha kwadzidzidzi. Mbuna ikhoza kupirira madzi a madigiri 23 kwa masiku ambiri, koma madzi akatsika kuchoka pa 27 madzulo kufika pa 20 m'bandakucha, mawa lake chimodzimodzi, pakutha pa sabata mudzaona zipsepse zapindika ndipo pathupi patuluka timadontho toyera ngati mchere.

Mukukumbukira zija munaphunzira mu Physics zoti lita imodzi ya madzi imafuna majoule pafupifupi 4,200 kuti itenthe ndi digiri imodzi? Mwina munangoloweza kuti mukakhoze mayeso, eti? Werengerani nokha. Thanki yanga ya malita 100 imafuna majoule 420,000 kuti ikwere digiri imodzi yokha, ndipo hita ya mawati 100 imatenga mphindi 70 kuti igwire ntchito imeneyi. Madzi amachedwa kutentha, koma amachedwanso kuzizira, ndipo akachuluka m'pamene amachedwa kwambiri. N'chifukwa chake madzi a pamjigo m'mawa wa June amamveka ofunda, pomwe masana a October amamveka ozizira. Madziwo sanasinthe ayi, asintha ndi mphepo yakunja ndi manja anu. Choncho kabotolo kakang'ono kamene ana amakonda kuikamo nsomba ndi manda chabe. Ine ndikafunsidwa kuti choyamba kugula n'chiyani, hita kapena thanki yaikulu, ndimati thanki yaikulu.

Sindikunyoza hita. Yabwino imadzizimitsa yokha madzi akafika pamene mwaitchera, mwachitsanzo pa madigiri 26, ndipo muyezo wake ndi wati imodzi pa lita iliyonse. Pambali pake pakhale themomita, chifukwa chala chimanama. Vuto n'lakuti magetsi amazima, kawirikawiri usiku womwewo umene kwazizira koopsa. Zikatero ndimaifunditsa thanki bulangete ngati mwana, m'mbali ndi pamwamba pomwe, kungosiya kampata kolowera mpweya. Kukapitirira kuzizira ndimatereka madzi pambaula, kuwathira m'mabotolo, kutseka ndi kuwayandamitsa m'thankimo. Musayerekeze kuthira madzi otentha mwachindunji. Ndipo tsiku limenelo nsomba sizidya. Chakudya chotsala chimangowola n'kuipitsa madzi.

Malo oika thanki nawonso ndi nkhani. Pazenera ayi, pakhomo ayi. Nyumba zathu zamalata zopanda siling'i zimatentha ngati uvuni masana n'kuzizira ngati panja usiku, choncho khoma lam'kati ndilo labwino. Posintha madzi, chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi basi, ndipo madzi atsopanowo agone m'ndowa m'chipinda chomwecho kuti afanane ndi a m'thanki. Nsomba yatsopano ikabwera m'jumbo, yandamitsani jumboyo osamasula kwa mphindi 20.

Mwina wina akuti, "Aphunzitsi, izi n'za anthu a ndalama, ife zikutikhudza pati?" Zikukukhudzani, makamaka inu amene makolo anu anakumba damu la nsomba kudimba. Damu ndi thanki yomweyo, kungoti ndi ladothi, ndipo zimene zili m'menemo ndi ndiwo komanso fizi yanu. Makumba, chilunguni ndi chambo ndi nsomba za madzi ofunda. Zimakula bwino madzi akayandikira madigiri 28, zimaleka kuswana akatsika pansi pa 20, ndipo akafika cha m'ma 16 kudya kumene zimasiya. Mlimi amene amathirabe madeya ochuluka mu July ngati kuti ndi December akungotaya madeya ake. Ku Bunda, kufupi ndi Mitundu, kumene tsopano ndi mbali ya yunivesite ya LUANAR, kuli dipatimenti yophunzitsa ulimi wa nsomba yokhala ndi madamu ake. Mukadzapitako mudzafunse za kuya kwa damu. Damu lofika m'mawondo limazizira mpaka pansi usiku umodzi, pomwe lakuya mita imodzi kapena imodzi ndi theka limasunga kutentha kwa masana, ndipo nsomba zimapeza kothawira. Kukumba kowonjezerako n'kowawa msana, koma kumachitika kamodzi.

Chisanu chikatha musaganize kuti mwapuma. October akafika vuto limatembenuka. Madzi otentha amasunga okosijeni wochepa, pomwe nsomba m'nyengo yotentha imafuna wochuluka. Mukaona nsomba zili pamwamba, kukamwa kuli yasa m'mamawa, sizikupempha chakudya, zikubanika. Pathanki chotsani chivindikiro, zimitsani nyali, ndipo ngati muli ndi fani ilozetseni pamwamba pa madzi. Nthunzi ikamachoka imatenga kutentha, monga momwe mtsuko wa agogo anu umaziziritsira madzi akumwa. Madzi oundana a mufiriji asalowemo, ngakhale mtima ukukuuzani kuti muzichitire chifundo. Padamu lowetsani madzi atsopano pang'onopang'ono kuchokera mumtsinje kapena pakasupe, ndipo manyowa muyambe mwaimika kufikira nsombazo zitabwerera pansi.