Mashini amene sitinagule

Ndalama ya cilimba inatigwela mu November 2024. Tinali titaponya miyezi 6, ndipo tsiku limene inalowa pa foni tinali titagwilizana kale kuti yonse ipita ku mashini omangila ma rod.

Tiyambe takuuzani nchito yathu, cifukwa ambili mu Lusaka tikawauza amaseka. Ife aŵili, mkulu na mng'ono wake, timakonza ndodo zowedzela nsomba m'kacipinda ka kuseli kwa nyumba ku Chilenje. Anatiyambitsa ni amalume, amene amayendetsa boti ya alendo ku Chirundu. Alendo amabwela kudzagwila tiger mu Zambezi, ndipo tiger ikaluma imalumpha na kukoka mwaukali. Rod imagundidwa m'boti, mphete zimene cingwe cimapitamo zimathyoka kapena kugwedela. Rod yabwino ni yodula, mwiniwake sangaitaye cifukwa ca mphete imodzi. Amalume anayamba kutitumizila pa basi.

Mphete iliyonse ili na kaphazi kamene kamagona pa ndodo. Timakamanga na kotoni ya nayiloni, mzele pambali pa mzele unzake popanda kusiya mpata, ndiyeno pamwamba timapaka epoxy. Epoxy imabwela m'mabotolo aŵili, ndipo ukalephela kusakaniza mofanana ndendende imakhala yomata mpaka kalekale. Tinayamba na katoni yoceka ngati V mbali zonse ziŵili, kotoni yodutsa pakati pa buku lolemela kuti ikungike, ndodo n'kumaizungulutsa na zala.

Ndiye tinaona ma video pa YouTube. Anzathu a ku America ali na power wrapper, njanji yaitali ya aluminiyamu, mawilo ogonekapo ndodo, cogwilila kumapeto, mota na copondela monga ca telala. Ukaponda ndodo imazungulila yokha, iwe n'kungotsogolela kotoni. Tinatha mabando ambili tikuyelekezela za Pacific Bay, za Flex Coat na za American Tackle. Tinaphunzila zofunika kuyang'ana. Njanji iyenela kukwana rod ya mafiti 7 yosagaŵika pakati. Cogwilila cigwile bwino koma cisaphwanye cogwilila ca rod. Mota ikwanitse kuyenda pang'onopang'ono, cifukwa poyamba na pomaliza kumanga liŵilo ni mdani. Tinazindikilanso kuti mashini ambili a ku America ni a 110 volts, pamene kuno tili pa 230, kutanthauza kugulanso transformer. Mtengo unali madola mahandiledi angapo, osaŵelengela kutumiza na msonkho wa pa boda. Cilimba conse cikanathela pamenepo, na nkhongole pamwamba. Tinali okonzeka.

Kukali masiku ocepa kuti tilipile, amalume anatumiza rod ya mnzawo wa pa nchito. Inali yake yeniyeni, imene amabweleketsa alendo kuti apezeko kangacepe. Tinasintha mphete zonse 8, tinapaka epoxy ca m'ma 19 hours, n'kuika rod pa coumitsila cathu. Coumitsilaco cinali kamota kocotsa mu microwave yakufa, kamene kamazungulila ka 5 kapena ka 6 pa mineti. Epoxy ikali yamadzi imayendelela pansi, ndiye ndodo ifunika kuzungulila maola angapo mpaka igwile. Tinatseka citseko n'kupita kukatamba bola kwa aneba amene ali na inverter.

Mukumbukila mmene caka cija cinalili. Mvula inakana, madzi ku Kariba anatsika, malaiti anali kubwela maola oŵelengeka cabe. Usiku umenewo anapita titangocoka. Pobwela tinapeza pansi pa mphete iliyonse pali dontho lolendewela, litayamba kale kulimba.

Palibe njila ina koma kuceka zonse na leza. Apa ndiye pali ngozi, cifukwa ndodo ya carbon ukangoikanda mozama pang'ono, idzathyokela pomwepo tsiku limene nsomba yaikulu idzakoka. Tinatha masiku aŵili tikupala mwamantha. Titawaimbila amalume kuwauza kuti rod icedwa, anakhala cete kaye, kenako anafunsa kuti, "Imwe anyamata, nanga mashini amene mufuna kugula aja adzazungulila na ciani?"

Ulendo waciŵili tinapakanso epoxy, malaiti kulibe. Tinazungulutsa na manja, pang'ono pang'ono pakapita mamineti ocepa, tikusinthana, toci ya pa foni itayedzamila ku botolo. Zinatitengela maola 4. M'maola amenewo tinaŵelenga zimene tinayenela kuŵelenga kale. Kumanga mphete 8 na manja kumatitengela maola aŵili. Mashini angatipulumutse mwina ola limodzi. Mphamvu yake yeniyeni ili pa ma rod a m'nyanja ya mcele amene amafuna kotoni yaitali, pa kusema zogwilila za cork, komanso kwa munthu wopanga ma rod ambili pa wiki. Ife timalandila atatu kapena anayi, makamaka kuyambila pa 1 December mpaka kumapeto kwa February, pamene boma limatseka usodzi m'mitsinje yambili ndipo anthu amakumbukila zida zawo zoonongeka. Kumanga sikunatitayitsepo kasitoma. Cimene cinatsala pang'ono kuononga dzina la amalume ni kamota koima pakati pa usiku.

Ndalama ija tinaigaŵa. Tinagula kamota ka 12 volts koyenda pang'onopang'ono, batile na ka solar panel, kuti coumitsila cisamadalile malaiti. Tinaitanitsa mphete za Fuji, cifukwa zochipa zimacekeka na cingwe ca braid, kotoni ya size A na D, na masilinji opimila epoxy. Yotsala tinagulila mota yakale ya mashini osokela kwa telala wina ku Kamwala, pamodzi na copondela cake, ya 220 volts kale. Mawilo tinacotsa ku ma roller skate a pa salaula. Wowochelela wa ku Kalingalinga anatipangila njanji, n'kuikako pule yaikulu yocepetsa liŵilo, cifukwa mota ya telala imathamanga kwambili.

Si mashini okongola. Amalila ngati cigayo, ndipo copondela cimafuna phazi lozoloŵela. Malaiti akapita timabwelela ku zala monga kale, koma epoxy imauma bwino. Tisaname, mmodzi wa ife akali na cithunzi ca power wrapper ija pa foni, ndipo amakamba kuti ma rod akafika 10 pa wiki nkhaniyi tidzaikambanso. Winayo sanakane.

Rod ija inabwelela ku Chirundu pa basi ya m'maŵa, yokulungidwa m'citenge ca amayi na paipi ya pulasitiki. Usodzi utatsegulidwa mu March, amalume anatumiza cithunzi pa WhatsApp. Mnzawo uja wanyamula tiger, rod ili m'mbali mwa boti. Ife sitinayang'ane nsomba. Tinakulitsa cithunzi na zala mpaka tinaona mphete, zonse 8 zili pamalo pake.