Kamtengo ka padenga pa agogo

Ndodoyi tinaipeza chifukwa denga linkadontha. Mvula itangoyamba, a malume anandiimbira kuti ndipite ku Domasi tikasinthe malata atatu panyumba ya agogo, poti pabanja ponse ine ndiye ndinali wopanda chochita. Sindinakane. Digiri ndili nayo, inde, koma imagona mu envelopu pansi pa matiresi, ndipo makalata ofunsira ntchito ndinasiya kuwawerenga atapitirira 40.

Titachotsa lata lachiwiri, pamwamba pa khoma panali chipaipi cha aluminiyamu chodzaza fumbi, pambali pake chitini cha mabisiketi chadzimbiri. A malume anati ndi za eriyo ya wailesi, tizitaye. M'chipaipimo munali thumba la nsalu, m'thumbamo tindodo tiwiri topyapyala, tamtundu wa uchi, tokhala ndi timphete tachitsulo tomangidwa ndi ulusi. M'chitinimo munali kawilo kokulungira chingwe.

Agogo anali pamkeka akusola nandolo. Anangoyang'ana kamodzi.

"Kodi kakadalipo? Ndi malipiro a agogo ako amenewo."

Agogo aamuna anamwalira ndili ndi zaka zinayi, ndipo chomwe ndinkadziwa n'chakuti anali khukhi kwa mzungu wina wa boma, nthawi yomwe likulu linali ku Zomba. Tsiku limenelo ndinamva zotsalazo. Loweruka lililonse bwanayo ankakwera kuphiri kukawedza mu Mulunguzi, agogo pambuyo atanyamula basiketi ya chakudya ndi kaukonde kotolera nsomba. Mu 1964 bwanayo akubwerera kwawo, ndalama za mwezi womaliza sizinaoneke. M'malo mwake anawapatsa ndodoyi, eti ndi yamtengo wapatali kuposa malipirowo.

"Ife timafuna ndalama ya chimanga, iye kutipatsa kamtengo," anatero agogo, manja akusolabe nandolo. "Mayi ako wamkulu anali kumsana nthawi imeneyo."

Ine ndinakulira kuwedza kwa tonsefe: kudula nsungwi kudambo, kumanga ulusi, kukumba nyongolotsi, kukhala pamwala n'kumadikira. Choncho nditamva kuti iyinso ndi nsungwi ndinaseka. Koma mukaigudubuza pakati pa zala mumamva kuti si yobulungira. Ili ndi mbali zisanu ndi imodzi. Pafupi ndi chogwirira pali malemba a inki ozungulira ndodoyo, ndipo mawu omwe ndinatha kuwerenga bwino ndi awiri: Hardy ndi Palakona. Usiku umenewo bando yanga ya sabata inatha m'maola atatu.

Hardy ndi kampani ya ku Alnwick, kumpoto kwa England, yomwe inayamba mu 1872, ndipo Palakona ndi dzina lomwe inkalemba pa ndodo zake za nsungwi. Nsungwiyo si ya ku England. Imatchedwa Tonkin, imamera kum'mwera kwa China, m'mapiri a m'mbali mwa mtsinje wa Sui. Mmisiri amaing'amba m'litali, n'kupala timizere tisanu ndi kamodzi, kalikonse ka ngodya zitatu, konka nacho chowonda mpaka kunsonga, kenako n'kutimata pamodzi khungu lolimba lija lili kunja. Kunsonga kwa yangayi n'kowonda ngati kachitsulo ka sipoko ya njinga, koma ndi timizere tisanu ndi kamodzi ndithu. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana pamenepo ndi tochi ya foni, kufunafuna pomwe anamatira. Ntchito imeneyi inayamba kuzilala m'zaka za m'ma 1950, America italetsa malonda ndi China komanso ndodo za fibreglass zitatchipa. Lero anthu ambiri amawedzera za graphite. Nambala yomwe inadindidwa pachitsulo chakumunsi kwa yanga ikugwirizana ndi zaka za m'ma 1950 zomwezo.

Nditailumikiza ndinaiyeza ndi tepi ya a malume: mafiti 7, kungopitirira pang'ono mamita awiri. Pasikelo ya pagolosale sinafike magalamu 120. Sopo wochapira amalemera kuposa pamenepo.

Ndinaika zithunzi pagulu lina la pa Facebook la anthu okonda ndodo zakalezi, ambiri madala opuma ntchito a ku Britain ndi America. Kumeneko ndinaphunzira kuti zazitali, za mafiti 9 kapena 10, n'zosasowa ndipo sizidula, chifukwa zimalemetsa mkono. Zazifupi zopepuka ndiye amazilimbirana. Anandiuza zoyang'ana: ngati timizere tayamba kumatuka, ngati zitsulo zolumikizira zikugwedera, ngati zigawo ziwirizo n'zofanana kutalika, poti chachifupi chimatanthauza kuti nsonga inathyokapo. Yanga inangopindika pang'ono kunsonga ndipo vanishi anasweka malo awiri. Zaka 60 pansi pa malata otentha a ku Domasi, kaya inapirira bwanji. Pasanathe masiku awiri bambo wina wa ku Scotland anandilembera ku inbox kuti apereka mapaundi 300, zotumizira alipira yekha.

Ndinawerengetsera m'makwacha katatu, kuopa kuti ndalakwitsa ziro. Kenako ndinamuyankha kuti ndiganize kaye. Chilungamo chake, sindinkafuna kuigulitsa ndisanaone chomwe agogo ankaona atanyamula basiketi ija.

Msuweni wanga wa ku Johannesburg ananditumizira chingwe ndi mbedza zing'onozing'ono kudzera kwa munthu wa pabasi. Nyambo ndinamanga ndekha ndi nthenga za nkhanga, za pakhosi pa tambala wa agogo ndi ulusi wosokera, kutsanzira tizilombo tomwe timayandama pamadzi. Zoyamba zinkaoneka ngati zinyalala za m'chisa cha mbewa.

Kuwedza kwa mtunduwu kuli ndi chinthu chimodzi chomwe mutu wanga unkakana. Nyamboyo silemera kanthu, ndiye simungaiponye. Cholemera ndi chingwe. Mumachikweza m'mwamba, kuchiponya kumbuyo, kudikira kuti chitambasuke, ndiyeno kuchibweza kutsogolo, ndodo ikupindika n'kuwongoka yokha. Kudikirako ndiye nkhani. Nsungwi imachedwa kuposa ndodo za masiku ano, ndipo mukafulumira chingwe chimalira ngati chikwapu, nyambo n'kuduka. Ndinkaphunzirira pabwalo la mpira la kusukulu ya pulayimale, nditamanga kaubweya kunsonga. Ana ankandizungulira. Wina anafuula kuti, "Akulu awa akuwedza pa udzu!" Mayi wina wopita kuchigayo anaima, n'kufunsa mnzake mokweza ndithu ngati si mdzukulu wa uje uja anapita ku yunivesite. Mawu ake anali achisoni.

Tsiku lokwera phiri ndinanyamuka m'bandakucha. Zaka zinayi ndinaphunzira m'tauni ya Zomba, phirilo ndikuliona tsiku ndi tsiku, koma ndinakwerako kawiri kokha, konse kukajambulitsa. Pamsewu ndinakumana ndi azibambo akutsetsereka ndi njinga zosenza nkhuni, ndi anyamata ogulitsa masitiroberi pafupi ndi Ku Chawe. Nditalipira chiphaso ndinatsata mtsinje kulowera ku Williams Falls.

Nsomba za trout si zakuno. Anazibweretsa atsamunda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo zimakhala m'madzi ozizira okha, n'chifukwa chake mumazimva ku Zomba, ku Mulanje ndi ku Nyika, osati ku Chilwa. Mulunguzi kumtunda kuja ndi kamtsinje kakang'ono, malo ena mungadumphe, ndipo mitengo imakumana pamwamba pake. Apa m'pamene ndinamvetsa ufupi wa ndodoyi. Ya mafiti 9 ikanangokodwa m'nthambi. Ngakhale yangayi inandikoletsa nyambo zinayi m'mitengo dzuwa lisanafike pamutu, imodzi pakolala ya shati langa.

Pena ndinkaiwala zowedza n'kumaganiza kuti agogo ankaima pati. Mwina pamwala uwo, kumbuyo pang'ono kuti chingwe chisawakole, akuyang'ana munthu wamkulu akusewera ndi nthenga pomwe kunyumba mbale zikudikira. Agogo aakazi amati amuna awo ankadziwa dziwe lililonse lokhala ndi nsomba, ndipo bwanayo akalephera ankawafunsa iwo. Koma kuponya sanaponyepo, ngakhale ndodoyo itakhala yawo. Chingwe chake chikanachokera kuti, nanga nthawi yokwera phiri kukasewera akanaipeza kuti?

Cha m'ma 3 koloko, pansi pa kamathithi kena, ndinaona kabwalo pamadzi. Ndinagwada kuseri kwa chitsamba, n'kuponya mamita asanu okha. Kachitatu nyambo ya nkhanga inatera bwino, inayandama pang'ono, kenako inasowa. Ndinakweza dzanja. Ndodo yonse inapindika mpaka m'chogwirira, ndipo kugwedeza kulikonse kwa nsombayo ndinkakumva m'chikhatho ngati ndagwira mbalame yamoyo. Mantha anga onse anali pa nsonga ija: ikathyoka, mapaundi 300 apita. Sinathyoke. Nsombayo inali yotalika ngati kuchokera pachala mpaka pamkono povala wotchi, ya madontho akuda ndi mzere wofiirira m'mbali.

Madala a pa Facebook aja amabweza nsomba m'madzi, ndipo ndikuwamvetsa, poti mumtsinjemo zatsala zochepa. Ine ndinaikulunga m'masamba. Ndinali ndi munthu woti akaione.

Agogo anaikazinga ndi tomato, n'kuigawa pawiri. Anatafuna mwakachetechete, akuchotsa minga ndi zala.

"Imeneyi ndiye ankavutikira tsiku lonse?" anatero. "Bola matemba."

Koma anamaliza gawo lawo, n'kupukuta mbale ndi nsima. Ndikupukuta ndodo ndi kansalu kuti iume ndisanaibweze m'thumba, anandifunsa kuti mzungu wa pafoni uja wati bwanji. Ndinali nditawauza za ndalamazo sabata yapitayo, mwina molakwitsa.

"Akudikira, agogo."

"Ifenso tinadikira. Umuuze atumize, tigule malata otsalawa."

Ndinafuna kunena kuti ndi chokhacho cha agogo aamuna chomwe ndagwirapo ndi manja anga, kuti ndikapeza ntchito malatawo ndigula ndine. Koma mawu akuti "ndikapeza ntchito" agogo awamva kwa zaka zitatu, ndipo chipinda chomwe amagona chikudonthabe pakona. Bambo wa ku Scotland ndamulembera kuti andipatse mpaka kumapeto kwa mwezi. Wayankha ndi chala chokweza m'mwamba. Kwatsala Loweruka awiri, ndipo tambala wa agogo akangondiona akumathawira kuseri kwa nkhokwe.