Kwa anyamata a kunyanja amene mukufuna kugula njinga

Aphwanga, usipa ukakomera aliyense amalota njinga yamoto. Atatu mwandifunsa kale kuti yabwino ndi iti, yakale kapena yatsopano. Ndiyankhire pamodzi, ena muwatumizire.

Amene munakulira pa injini ya boti, Yamaha DT 125 simudzaiona yachilendo. Ndi thusitiroko ngati Enduro ija bambo anga amaimasula pamchenga mwera ukawatsekera kumtunda. Ilibe mavavu. Ikakana kulira umachotsa pulagi, kuipukuta, kuona ngati ikuthetheka. Ikathetheka, vuto lili ku mafuta: masula kabuleta, tsuka kambale ka pansi, uzira jeti, bwezera. Sipanala ziwiri ndi sikuludiraiva, basi. Ine ndimachitira pakhonde kuno ku Nancholi, alandilodi akundiyang'ana ngati ndikuwawonongera simenti. Koma DT imamwa, amwene. Ukakwera nayo zitunda za kuno kuchokera pa msewu wa ku Chikwawa, thanki imatsika ukuona, kuwonjezera apo oyilo wa 2T. Pisitoni yake yeniyeni ungazungulire Limbe yense, ukaipeza mtengo wake ukhala pansi.

Ma Lifo ndi ma Boxer a kabazawa ndi folositiroko. Mafuta amadya pang'ono, masipeya ali paliponse. Kabuleta akadali nayo, ndiye mafuta a m'zigubu akabwera ndi zinyalala kapena madzi utsuka wekha. Chimene safuna ndi ulesi pa oyilo. Ukachedwa kusintha, tcheni cha m'kati mwa injini chimayamba kulira, mavavu nkumagogoda, ndipo pamenepo ndi kwa makaniko. Ka CDI nako ndi kabokosi komata. Kakapsa sungakonze, ugula kena.

Zimene ndimaziopa ndi zatsopano zenizeni, za injekishoni. Palibe jeti yoti uuzire. Pampu ya mafuta imadalira batire, ndipo kanyali kakayaka pamafunika kompyuta kuti udziwe chavuta. Mu Blantyre ungafunsefunse mpaka kumupeza wodziwa. Nanga ikakuzimira pakati pa Makanjira ndi Mangochi, dengu la usipa lili kumbuyo, dzuwa likuswa mtengo?

Ndiye iwe amene ukufuna ya kabaza kapena yonyamulira nsomba, tenga folositiroko ya kabuleta. Tsiku logula usathere ndalama zonse pa njinga: siyako ya oyilo, pulagi yapadera ndi sipanala ya 10 ndi 12. DT isiyire ife amene tinaizolowera utsi wake.